Sola kapena njinga: komiti ya m'dera iyambire pati pochepetsa utsi?

Mayi wina, yemwe ndi mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lomwe amakhala, anditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Komiti yathu yapeza kandalama kochepa koti tigwiritse ntchito pochepetsa kuipa kwa mpweya. Ena akufuna tigule mapanelo a sola tiike padenga la holo yathu, ena akuti tilimbikitse anthu kuyenda pa njinga m'malo mwa galimoto. Takumana kangapo koma sitikumvana. Tiyambire pati?"

Zikomo mayi, ndipo ndakondwa kuti komiti yanu ikukangana pa nkhani yoyenera kukangana. Yankho langa ndi loti ganizo lililonse lomwe munthu angabwere nalo pamsonkhano mulifunse zinthu ziwiri: kodi likazimitsa utsi uti, nanga amene akupuma utsiwo lero ndani? Ngati palibe injini, nyali kapena moto womwe uzime chifukwa cha chinthu chomwe mwagulacho, ndiye kuti mpweya wa mumsewu mwanu ukhala momwe unalili, ngakhale chinthucho chioneke bwino chotani pa tsiku lochitsegulira.

Choyamba tidziwe mdani wake. Utsi wakuda womwe timauona ukutuluka kumbuyo kwa lole si wokhawo umene umapha. Choopsa zedi ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe akatswiri amatitcha PM2.5. Kuti tifike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu, mungafunike kundandalika pafupifupi 30. Mphuno imalephera kutisefa, choncho timatsika mpaka mkati mwa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi. N'chifukwa chake mpweya woipa sumangothera pa chifuwa ndi mphumu: umabweretsanso chibayo kwa ana, matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 7 miliyoni amafa msanga chaka chilichonse chifukwa cha mpweya woipa wa panja ndi wa m'nyumba. Mu 2021 bungweli linatsitsa ndi theka mlingo wa PM2.5 womwe limalangiza kuti usapitiriridwe pa chaka, litaona kuti ngakhale utsi wochepa umavulaza. Ndipo kuyambira 2012, nthambi yake yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsadi khansa.

Koma manambala aakuluwa amabisa chinthu chomwe komiti ngati yanu iyenera kuchigwiritsitsa, chakuti utsi sugawidwa mofanana. Ku London kunali mtsikana wa zaka 9 yemwe ankakhala pafupi kwambiri ndi msewu wodzaza magalimoto wa South Circular. Anamwalira ndi mphumu mu 2013, atagonekedwa m'chipatala kambirimbiri. Mayi ake sanaleke kufunsa, mpaka mu Disembala 2020 bwalo lofufuza za imfa linagamula kuti mpweya woipa unali chimodzi mwa zomwe zinamupha. Aka kanali koyamba ku Britain kuti mpweya woipa ulembedwe ngati choyambitsa imfa ya munthu. Mzinda ndi womwewo, koma mwana wa m'mphepete mwa msewu waukulu ndi mwana wokhala kuseri kwa paki sapuma mpweya umodzi. Onjezani kuti mwana ndi wamfupi, mphuno yake ili pafupi ndi paipi yotulutsa utsi, ndipo amapuma mofulumira kuposa wamkulu.

Ndiye musanatulutse ndalama, tulukani m'holomo. Gawanani misewu, muyende m'mawa ana akupita kusukulu komanso madzulo kukamada, aliyense ndi kope m'manja. Lembani pomwe magalimoto amaima injini ikulira, pomwe jenereta imabangula magetsi akazima, pomwe anthu amatentha zinyalala, nyumba zomwe utsi wophikira umatulukira pazenera. Funsani anamwino a pachipatala chapafupi kuti ana obanika ndi chifuwa amachokera mbali iti kwambiri. Ngati mungathe, bwerekani kapena gulani kachipangizo koyezera PM2.5. Tizipangizo totchipa timeneti sitilondola ngati makina aakulu a boma, koma timaonetsa bwino kusiyana kwa malo ndi malo, ndi kwa ola ndi ola. Ku Kampala, gulu la AirQo la pa yunivesite ya Makerere limapanga tizipangizo totere, ndipo linafika pomangirira tina pa njinga zamoto zonyamula anthu kuti tiziyeza mpweya mzinda wonse. Mukabwerako ndi mapu anu, theka la mkangano wa m'komiti lidzakhala litatha lokha.

Tsopano za sola. Ndimaikonda, ndipo mtengo wa mapanelo unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, moti zomwe kale zinali za olemera okha lero zili pafupi ndi anthu wamba. Komabe apa ndi pomwe makomiti ambiri amapunthwa. Ngati holo yanu ili kale ndi magetsi odalirika, kuika mapanelo padenga kudzachepetsa bilu, kudzathandizanso pang'ono pa nkhani ya kusintha kwa nyengo ngati magetsiwo amapangidwa ndi malasha kutali uko. Zonsezi ndi zabwino. Koma mwana wa mphumu wa pamsewu wanu sadzamva kusintha kulikonse, chifukwa pamsewupo palibe chomwe chazima.

Nkhani imasintha pomwe pali jenereta. Taganizirani chipatala chaching'ono chomwe jenereta yake ili kuseri kwa chipinda chodikirira: magetsi akangozima, mlonda amakoka chingwe, utsi wa dizilo n'kumalowa pazenera pomwe pakhala amayi ndi makanda. Mapanelo ndi batire yabwino pamalo ngati amenewo zimazimitsa injini yeniyeni, pamphuno pa anthu omwe ndi osalimba kale. Chimodzimodzi mzere wa mashopu omwe iliyonse ili ndi kajenereta kake pakhomo, kapena pampu ya dizilo yopopa madzi, yomwe imagwira ntchito masana dzuwa likuswa mtengo ndipo nthawi zambiri siifuna n'komwe batire. Chimodzimodzinso nyumba zomwe zimaunikira nyali ya palafini, mwana atawerama pa kope nkhope ili pafupi ndi mwaye. Ku Bangladesh, pulogalamu ya kampani ya boma yotchedwa IDCOL yomwe inayamba mu 2003 inafikitsa sola m'nyumba zoposa 4 miliyoni, mabanja akulipira pang'onopang'ono. Chomwe chinaiyendetsa si mapanelo okha ayi, koma ngongole yotheka kubweza komanso amisiri okhala pafupi oti akonze zikawonongeka. Komiti yanu ingachite zofanana pamlingo wake: kusonkhanitsa mabanja ofuna sola, kugula limodzi kwa wogulitsa mmodzi wodalirika kuti mtengo utsike, ndi kuphunzitsa achinyamata awiri kapena atatu a m'deralo ntchito yoika ndi kukonza.

Pali chinthu china chomwe ogulitsa sola sakonda kuchitchula. Kwa mabanja ambiri padziko lapansi, utsi woopsa kwambiri uli pamoto wophikira. WHO inawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa chifukwa cha utsi wa m'nyumba, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana aang'ono. Kapanelo kakang'ono koyatsa mababu ndi kutchaja foni sikangaphike. Mphika wamagetsi umafuna mphamvu yochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Ngati mapu anu aonetsa kuti vuto lalikulu ndi nkhuni ndi makala, musadzinamize kuti sola yaing'ono yalithetsa. Pamenepo nkhani ikhale ya gasi, ya mphika wamagetsi wa pulesha komwe magetsi alipo, ndi ya kuphikira pamalo podutsa mphepo.

Ndipo walira mvula walira matope. Sola imabwera ndi mabatire, mabatire amatha, ndipo ambiri otchipa amakhala ndi mtovu. Ku Thiaroye-sur-Mer, kufupi ndi Dakar ku Senegal, ana 18 anamwalira m'zaka za 2007 ndi 2008 chifukwa cha fumbi la mtovu lochokera ku mabatire akale omwe anthu ankaphwanya m'makomo kuti apeze chogulitsa. Chonde mayi, pangano lililonse logula sola lomwe komiti yanu isainire likhale ndi mzere wonena amene adzatenge batire ikadzatha, ndi komwe adzapite nayo. Wogulitsa wokana kulemba zimenezo musiyeni.

Ku mbali ya mayendedwe, anzanu a njinga ali ndi mfundo, koma kungouza anthu kuti "siyani galimoto" sikuthandiza. Munthu sakwera njinga pamsewu womwe akuopa kugundidwa, ndipo kholo silingalole mwana wake. Ine ndikanayambira pageti la sukulu. Pitani mukaime pamenepo nthawi yoweruka: magalimoto ndi mabasi atandandalikana, injini zonse zikulira pachabe kwa mphindi zambiri, ana akudutsa pakati pa mapaipi a utsi. Kuzimitsa injini podikira sikufuna ndalama, kumangofuna chikwangwani, chilolezo cha aphunzitsi aakulu ndi makolo angapo olimba mtima oti azigogoda pagalasi mwaulemu. Kenako pemphani khonsolo kuti msewu wa pasukulu uzitsekedwa kwa magalimoto nthawi yolowa ndi yoweruka. Mizinda ya London ndi Paris yachita zimenezi pa masukulu ambirimbiri. Ku Barcelona, mu 2021, makolo anayamba kuperekeza ana kusukulu pa njinga ali chigulu, njira yake ndi nthawi yake zodziwika ngati basi, ana akulowa m'gulumo likamadutsa pafupi ndi kwawo. Komwe njinga ndi zochepa, zomwezi zimatheka wapansi: akuluakulu awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ana pakati, n'kusankha njira yam'mbali yopewa msewu waukulu.

Mwina wina m'komiti atchula za tsiku lopanda magalimoto. Ku Bogotá, ku Colombia, zinayamba mu 1974 ndi anthu wamba okonda njinga, ndipo lero misewu yotalika makilomita oposa 100 imatsekedwa Lamlungu lililonse. Kigali inayamba zake mu 2016. Kunena zoona, maola ochepa pa sabata sangayeretse mpweya wa chaka chonse. Phindu lake lili pena: munthu yemwe wayendapo pamsewu wa kwawo popanda phokoso ndi fungo la dizilo savutanso kumukopa kuti asaine kalata yopempha njira ya njinga ndi ya oyenda pansi.

Za galimoto zamagetsi ndisachulutse mawu, chifukwa si za kandalama ka komiti. Zilibe paipi ya utsi, inde, koma matayala ake amaperesekabe pamsewu n'kutulutsa fumbi, ndipo galimoto imodzi imathandiza banja limodzi. Magetsi amapindula kwambiri akaikidwa pa zoyenda tsiku lonse zitanyamula anthu ambiri. Mzinda wa Shenzhen ku China unamaliza kusintha mabasi ake onse, oposa 16,000, kukhala amagetsi mu 2017. Ku Kigali kuli njinga zamoto zamagetsi zomwe woyendetsa amangosiya batire yotha n'kutenga yodzaza m'mphindi zochepa. Apa ndi pomwe sola ndi mayendedwe zimakumana: denga la holo yanu likhoza kukhala malo otchajira njinga zamagetsi masana, ndipo pamenepo mapanelo aja akhala akuzimitsadi injini za petulo za m'misewu yanu. Ngati m'dera lanu muli kale oyendetsa njinga zotere, kapena kampani yofuna malo osinthira mabatire, ganizo la sola pa holo lasanduka lanzeru. Ngati mulibe, lidikire.

Musaiwale kuti mphamvu yaikulu ya komiti si chikwama chake, ndi mawu ake. Ku Delhi, mlandu womwe loya M. C. Mehta anakasuma unachititsa kuti khothi lalikulu la India lilamule mu 1998 kuti mabasi a mumzindawo asiye dizilo n'kuyamba gasi, ndipo pofika kumapeto kwa 2002 zinali zitachitika. Mpweya unayera ndithu kwa zaka zingapo, kenako kuchuluka kwa magalimoto atsopano ndi utsi wochokera kwina zinameza phindulo. Zimandiwawa ndikaganiza za Delhi, chifukwa anthu anamenya nkhondo yovuta n'kupambana, koma kuyeretsa injini kokha sikunakwanire pomwe chiwerengero cha injinizo chinkangokwera. N'chifukwa chake ndimaumirira pa basi yodalirika, njira ya oyenda pansi ndi njira ya njinga, zomwe zimachepetsa maulendo a galimoto enieniwo.

Ndikanakhala pa mpando wanu, mayi, ndikanapatula kagawo kochepa kogulira choyezera mpweya ndi zikwangwani za pasukulu, popeza ntchito yambiri ya mayendedwe imadya nthawi ndi khama osati ndalama. Gawo lalikulu ndikanaliika pa sola, koma pamalo amodzi okha pomwe jenereta kapena nyali za palafini zizime, ndipo ndikanayamba ndafunsa a pachipatala ndi a pasukulu. Muyeze mpweya pamalopo musanayambe, mudzayezenso pakatha miyezi ingapo pa maola omwewo, ndipo manambala onse awiri muwalembe m'kalata yomwe mudzapite nayo kukhonsolo pokapempha kuti msewu wa pasukulu uzitsekedwa m'mawa.