Kodi Zambia Daily Mail Inayambitsidwa ndi Boma?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa ngati nyuzipepala ya Chingerezi ya Zambia Daily Mail inayambitsidwa ndi boma la Kenneth Kaunda, popeza anthu ambiri amangoidziwa monga nyuzipepala ya boma. Yankho ndi lakuti ayi. Boma linachita kuigula itakhazikika kale, ndipo amene anaiyambitsa anali anthu otsutsana ndi ulamuliro wa nthawi yawo.

Nyuzipepalayi inayamba kutuluka ku Lusaka mu 1960, kamodzi pa sabata, ndipo dzina lake linali African Mail. Mwini ganizo anali Dr Alexander Scott, dokotala wochokera ku Scotland, amene mwana wake, Guy Scott, anadzagwirizira mpando wa pulezidenti mu 2014 Michael Sata atamwalira. Ndalama zinachokera kwa David Astor, mkonzi wa nyuzipepala ya The Observer ku London, ndipo ntchito ya ukonzi inapatsidwa kwa Richard Hall. Imeneyo inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda a ku Northern Rhodesia (dzina lakale la Zambia) ankadana nacho monga momwe ankadanirana nacho a ku Nyasaland, koma nyuzipepala yaikulu ya Northern News ya ku Ndola inkalembera makamaka azungu a kumigodi. African Mail inkasindikiza mawu a atsogoleri a UNIP, chipani cha Kaunda, ndi kutsutsa Chitaganyacho poyera, ndipo mu 1962 inasintha dzina n'kukhala Central African Mail.

Zambia italandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, sipanapite nthawi: mu 1965 boma linaigula, n'kuitcha Zambia Mail, kenako inayamba kutuluka tsiku ndi tsiku, ndipo mu 1970 inatchedwa Zambia Daily Mail. Ine ndimaona kuti kugulako sikunadabwitse anthu ambiri, chifukwa olemba ake ndi atsogoleri atsopanowo anali atamenyera limodzi nkhondo ya ufulu. Chimene chinasintha n'chakuti anthu amene nyuzipepalayo inkawaikira kumbuyo ali otsutsa ndiwo tsopano ankasankha mkonzi ndi kulipira malipiro ake, ndipo mkonzi wotere amayamba waganiza kawiri asanadzudzule nduna.

Mpata wopikisana nayo unachepanso dziko litalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pakuti mu 1975 Kaunda analengeza kuti UNIP ikutenga Times of Zambia, yomwe kale inali Northern News, kuichotsa m'manja mwa kampani ya Lonrho. Kuyambira pamenepo nyuzipepala zonse ziwiri zotuluka tsiku ndi tsiku zinali pansi pa olamula.