Kodi kulira pamaso pa Mulungu n'kusowa chikhulupiriro?

Mayi ena andilembera imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Akuti akhala akupemphera kuti akhale ndi mwana kwa zaka 7, asala kudya kambirimbiri, koma mpaka lero kuli zii. Chimene chawalasa mtima kwambiri ndi mawu a mnzawo wina amene amapemphera naye, yemwe anawauza kuti misozi yawo ikusonyeza kuchepa kwa chikhulupiriro. Akufunsa kuti munthu angaphunzire bwanji kudekha pamene Mulungu akuoneka ngati sakuyankha.

Mayi, mnzanuyo analakwitsa, ngakhale kuti mwina cholinga chake chinali kukulimbikitsani. Mu Salimo 13, Davide akufunsa Mulungu kuti "mpaka liti" kanayi konse m'mavesi awiri oyambirira, ndipo mneneri Habakuku akutsegula buku lake ndi funso lomwelo. Koma amene ndikufuna kuti mumuyang'anitsitse ndi Hana, mkazi amene nayenso analibe mwana, pa 1 Samueli 1. Ali ku Silo anapemphera akulira, milomo ikugwedera koma mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera n'kumudzudzula. Hana sanabise kanthu, anayankha kuti ndi mkazi wosweka mtima amene akukhuthula zakukhosi pamaso pa Yehova. Vesi 18 ikunena kuti atachoka pamenepo anakadya chakudya ndipo nkhope yake sinalinso yachisoni. Onani kuti pa nthawi imeneyo anali asanaime n'komwe, ndipo Penina, mkazi mnzake amene ankamutonza chaka ndi chaka, anali akadali pakhomo pomwepo. Mtima unakhala pansi yankho lisanafike, ndipo unakhala pansi chifukwa anali atanena zonse.

Anthu amakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo n'zoona, kungoti mwambi umenewu ndi wopepuka pakamwa pa munthu amene sakudikira kanthu. Kusadekha kumene Malemba amatichenjeza nako si kulira ayi, koma kudzipezera wekha chidule. Abrahamu anali ndi zaka 75 pamene ananyamuka ku Harana ndi lonjezo lakuti adzakhala mtundu waukulu. Atakhala zaka 10 m'dziko la Kanani popanda mwana, Sara anam'patsa mdzakazi wake Hagara, ndipo Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86. Isaki anadzabadwabe bambo ake ali ndi zaka 100, koma anapeza nyumba yodzaza ndi nsanje, ndipo mapeto ake Hagara ndi mwana wake anathamangitsidwira kuchipululu. Mfumu Sauli nayenso anadikira Samueli masiku 7 ku Giligala, ndipo ataona kuti asilikali ayamba kubalalika anapereka yekha nsembe. Atangomaliza, Samueli anatulukira.

Pano ndiwonjezere mawu amodzi kuti musandimve molakwa: kupita kwa madokotala, inu ndi amuna anu limodzi, si kutenga Hagara. Chidule chimene ndikunena ndi chija chimene chikumbumtima chanu chikukukanizani, kapena munthu amene akukulonjezani tsiku la chozizwitsa mukam'patsa ndalama.

Sindingakulonjezeni kuti nkhani yanu idzatha ngati ya Hana, amene pamapeto pake anabereka mwana, ndipo ndingakhale wabodza nditatero. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchotsedwe, koma pa 2 Akorinto 12:9 anayankhidwa kuti chisomo chim'kwanira, ndipo mungawo unatsala. Iyenso anamvedwa, ngakhale kuti sanalandire chimene anapempha.

Usiku uno, ngati mawu anuanu akukanika kutuluka, tsegulani Salimo 13 ndi kuliwerenga mokweza monga pemphero lanu. Lili ndi mavesi 6 okha. Ngati mtima wanu sunafike poimba nawo vesi lomaliza, imani pa vesi 2, mudzapitirize tsiku lina. Ineyo ndikhala ndikukutchulani m'mapemphero anga, pamodzi ndi amuna anu.