Kuombeza mnzanu amene wasanduka mwala mu Dungeons & Dragons

Mwafunsa ngati matsenga oombezera angathe kupeza mnzanu amene anaphana maso ndi chilombo chotchedwa medusa n'kusanduka mwala, adani n'kumunyamula ngati chiboliboli. Ndiyankha motsatira malamulo a masewerawa a 2014, poti ndi amene mwati mumasewerera.

Munthuyo sanafe ayi. Thupi lake lauma pamodzi ndi zovala komanso katundu yense wopanda matsenga, kulemera kwake kwachuluka kakhumi, wasiya kukalamba ndipo sakudziwa chilichonse chochitika pomuzungulira, koma malamulo akumuwerengerabe ngati wamoyo. Choncho Speak with Dead, matsenga olankhulira ndi akufa, musavutike nayo, chifukwa imafuna mtembo.

Scrying, matsenga oonera munthu ali kutali, imagwira ntchito, malinga ngati ali m'chilengedwe chomwecho (plane) chimene muli inu. Wosanduka mwala amalephereratu mayeso odzitetezera a Strength (mphamvu) ndi Dexterity (changu) okha, ndiye kuti dayisi la Wisdom (nzeru), limene amakanira nalo Scrying, liyenera kuponyedwabe, ndipo popeza sakumva kanthu, sangasankhe kugonja mwadala kuti mumuone. Mukakhala ndi tsitsi lake, mwina lotsalira m'chipeso, chiwerengero chimene wapeza pa dayisilo chimatsika ndi 10. Vuto ndi lakuti mudzangoona malo apafupi ndi iye, ndipo chipinda chamdima chosungiramo katundu sichikuuzani mzinda umene chili.

Pamene magulu ambiri amakanganirana ndi pa Locate Creature (matsenga opezera cholengedwa), yomwe malamulo ake amati singapeze cholengedwa chimene chasintha maonekedwe, ndipo chitsanzo chimene amapereka ndi Polymorph, matsenga osandutsa cholengedwa kukhala nyama ina. Ena amati nkhope ndi msinkhu sizinasinthe, kotero iyenera kugwira. Ine ndimaona kuti mnofu ukasanduka mwala kusinthako n'kokwanira, ndipo pa tebulo langa ndimaikana, ngakhale mawu omaliza ndi a woyendetsa masewera wanu.

Chimene ndikukulangizani kwenikweni ndi Locate Object, matsenga opezera chinthu. Musafunefune chibolibolicho, chifukwa mungayambitse mkangano wina woti kodi ndi chinthu kapena munthu. Funani katundu wake wamatsenga, kaya ndi mphete, lupanga kapena mkanda, pakuti zimenezi sizisanduka mwala, ndipo mphete yomwe ili pa chala chouma siivulika msanga. Muyenera kukhala kuti munaionapo pafupi, komanso ikhale mkati mwa mapazi 1,000, popanda mtovu wotchinga pakati. Yambani ndi Scrying kapena mafunso atatu a Commune (ofunsa mulungu wanu wa m'masewerawo) kuti mudziwe dera, kenaka muyende m'deralo ndi Locate Object.

Mukamupeza, Detect Thoughts (matsenga owerengera maganizo) ndikuganiza kuti ingokupatsani chete, ngakhale woyendetsa wokonda nthano angalole kuti mumve mantha ake omaliza asanaume. Nyamuliranitu fumbi la dayamondi la ndalama zagolide 100 loti mugwiritse ntchito pa Greater Restoration, matsenga omubwezera m'thupi lake, chifukwa kutuluka m'linga la adani mutasenza munthu wolemera kakhumi si ntchito yamasewera.