Makompyuta 40 ofanana: flash ija isungeni m'thumba

Achimwene, mwafunsa kuti makompyuta 40 ofanana amene afika pasukulu yanu ku Limbe muwaikire bwanji Windows popanda kuzungulira ndi flash imodzi sabata yonse. Njira ilipo, ndipo sifuna intaneti ayi. Mungofunika switch (kabokosi kolumikizira makompyuta ambiri pa netiweki imodzi), mawaya a LAN ndi kompyuta imodzi yoti ikhale server, yotumiza Windows kwa enawo.

Njirayi imatchedwa PXE. A Intel anaitulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'chifukwa chake ngakhale makina akale ali nayo. Mukaitsegula mu BIOS (ma setting a kompyuta amene mumalowamo Windows isanayake), kompyuta poyaka imayamba yapempha IP address pa netiweki. DHCP, yomwe imagawa ma address pa netiweki, imaipatsa, n'kuiuzanso komwe kuli server ndi dzina la fayilo yoyambira. Fayiloyo imabwera kudzera pa TFTP, njira yosavuta yotumizira mafayilo pa netiweki, basi ntchito yayambika. Pa makina ambiri a Dell ndi Lenovo mumadina F12 n'kusankha network boot.

Pa server, ine ndimadalira Clonezilla SE, pulogalamu yaulere yopangidwa ku Taiwan. Imatenga image, kutanthauza kope la zonse za pa disk ya kompyuta imodzi imene mwaikonza bwino, n'kuitumiza kwa enawo. FOG nayonso ndi yabwino, makamaka ngati labuyo muziikonzanso teremu iliyonse.

Koma chonde, mtima wanu wonse ukhale pa kompyuta yoyambayo, chifukwa chilichonse chimene mwalakwitsa pamenepo chibadwa ka 40. Ikani Windows, madirayiva, ma update onse ndi mapulogalamu amene ana azigwiritsa ntchito. Bando ya data ithere pa imodzi yomweyi. Mukakhutira, yendetsani Sysprep, pulogalamu ya mu Windows yokonzera kompyuta kuti ikopedwe, ndi /generalize /oobe /shutdown. Ikazima musailowetsenso mu Windows, tengani image nthawi yomweyo. Mukadumpha Sysprep, makina onse atuluka ndi dzina limodzi ndi SID (nambala yodziwira kompyuta mu Windows) imodzi, ndiye mavuto pa netiweki osatha.

Mawu oti "ofanana" aja musawakhulupirire msanga. Ine zinandigwera pa labu ina ku Chilomoni: kunja makina onse ngati mapasa, koma mkati ena hard drive ya 500GB, ena 250GB. Image ndinali nditatenga pa yaikulu, pa zazing'onozo inakana, tsiku lonse linapita pachabe. Choncho tsegulani angapo muone, image muitenge pa disk yaing'ono kwambiri. Muonenso mu BIOS kuti onse amayaka mwanjira imodzi: onse pa UEFI, kapena onse pa Legacy, osasakaniza.

Potumiza, sankhani multicast. Tiwerengere limodzi: switch ya 100Mbps imadutsitsa pafupifupi 12MB pa sekondi, ndiye image ya 20GB ndi pafupifupi theka la ola. Mmodzimmodzi, makina 40 akudyerani maola oyandikira 20. Multicast imatumiza kamodzi, onse n'kulandira limodzi. Vuto lake, waya umodzi wosaphanidwa bwino umachedwetsa gulu lonse. Ngati mungabwereke switch ya gigabit (1000Mbps), bwerekani.

Musanayambe, zulani waya wopita ku router ya sukulu. Ma DHCP awiri pa netiweki imodzi amalimbana, komanso simukufuna kuti kompyuta ya ku ofesi ya aphunzitsi aakulu ilowe m'gululi n'kufufutika mayeso onse. Za magetsi mukuzidziwa nokha mmene zilili kuno ku Blantyre. Server ndi switch zikhale pa UPS (batire losunga magetsi akathima), ndipo yesani kaye pa makina awiri okha. Akayenda bwino, tengani khumikhumi, kuti magetsi akathima pakati mubwereze khumi, osati onse.

Za layisensi, makina ambiri kuyambira nthawi ya Windows 8 ali ndi key yake mu BIOS, koma image igwirizane nayo, Pro kwa Pro, Home kwa Home. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0, chipangizo chachitetezo cha m'kompyuta. Ngati makinawo alibe, ine ndikanaika Linux Mint kapena Ubuntu, Clonezilla imakopera chimodzimodzi.

Lembani pansipa model ya makinawo, kukula kwa disk ndi mtundu wa switch, ndikuuzeni zoti musinthe mu BIOS.