Funsani Aphungu: Mutu Ukakana Kupuma

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa kaunjika ku Tsoka. Papita miyezi iwiri tulo tisakubwera bwino. Ndikangoti ndagona, mutu umayamba kuwerengera: ngongole ya kubanki m'khonde, fizi, lendi. Ndimadziuza kuti "leka kuganiza" koma ndiye zimachita kunyanya. Kodi mutu wanga wayamba kusokonekera? – Mayi wa ku Area 36

Mutu wanu uli bwinobwino, mayi. Chimene chikukutopetsani ndi lamulo lija mukudzipatsalo. Mu 1987 katswiri wa zamaganizo Daniel Wegner anauza anthu kuti kwa mphindi 5 asaganizeko za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu chikabwera m'mutu. Belu silinakhale chete. Kuti munthu apewe ganizo, ubongo umayenera kumasuzumira pafupipafupi ngati ganizolo lachokadi, ndipo kusuzumirako n'kumene kumalibweretsanso. Usiku zimakula chifukwa kulibe kasitomala, kulibe phokoso, palibe china chokopa mtima.

Maganizo sathamangitsidwa, amapatsidwa nthawi yake. Pezani kope ndi cholembera. Sankhani mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse pa ola lomwelomwelo, mwina mukangofika kunyumba musanayike poto pamoto, koma osati pabedi komanso osati pafupi ndi nthawi yogona. Dulani mzere pakati pa tsamba. Mbali ina lembani zimene mungachitepo kanthu, mbali inayo zimene sizili m'manja mwanu, monga kukwera kwa mtengo wa belo. Za mbali yachiwiriyi zilembeni n'kuzisiya pamenepo. Za mbali yoyamba, chilichonse chikhale ndi chochita chimodzi, tsiku lake ndi munthu wake. Musalembe kuti "ndithane ndi ngongole", chifukwa mawu amenewo alibe pogwira. Lembani kuti "Lachinayi ndikakumana ndi mlembi wa gulu, ndikapemphe kubweza m'magawo awiri." Ganizo likabwera pakati pa usiku, liyankheni mawu amodzi okha: "Zalembedwa, tionana mawa nthawi yathu."

Ambiri amalakwitsa pongolemba mavuto popanda chochita, ndiye kope limasanduka malo olirira. Ena amapitirira nthawi mpaka ola lathunthu, ena amasiya pakatha masiku atatu ati sizikuthandiza. Ipatseni njirayi milungu iwiri.

Za bedi tsopano. Mukaona kuti patha mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani, mukhale pampando powala pang'ono, foni osaigwira, mubwerere pokhapokha maso akalemera. Mukamagubuduka pabedi usiku uliwonse, thupi limaphunzira kuti bedi ndi malo ovutikira. Dzukani nthawi imodzimodzi m'mawa ngakhale mwagona mochedwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi kafini, amene amathamangitsa tulo, ndipo theka la kafiniyo limakhalabe m'thupi pakatha maola pafupifupi 5, choncho kapu yomaliza ikhale ya masana. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7.

Koma tamverani apa, mayi. Ngati kwa milungu iwiri kapena kupitirira mtima uli wosweka tsiku lonse, chakudya sichikulowa, zimene zinkakusangalatsani zaleka kukoma, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, kope lokha silikwanira. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Muno mu Lilongwe thandizo la matenda a maganizo lilipo ku Bwaila ndi ku St John of God, ndipo kuchipatala chaching'ono cha kwanuko akhoza kukulemberani kalata yopitira. Matendawa amachizika.

Ndimayendetsa minibasi. Ndimapsa mtima msanga, ndipo ndikafika kunyumba kanthu kakang'ono kamandikalipitsa akazi anga ndi ana. Anzanga pa depoti akuti mkwiyo ndizingoutulutsa, ngakhale kumenya khoma, usandidye m'kati. Akunena zoona? – Bambo wa ku Biwi

Anzanuwo akukufunirani zabwino, bambo, koma malangizowo ndi olakwika. Mu 2002 katswiri wa zamaganizo Brad Bushman anakwiyitsa dala ophunzira, kenako ena anawapatsa thumba la ankhonya kuti alimenye uku akuganizira amene wawakwiyitsa, ena anangowakhazika chete mphindi ziwiri. Omenya thumba aja ndi amene anatsala ndi mkwiyo wambiri. Kukalipa ndi kumenya zinthu n'kuyeserera mkwiyo, ndipo chimene munthu amayeserera chimazolowereka.

Mkwiyo umayambira m'thupi pakamwa pasanatseguke. Thupi limatulutsa adrenalini, timadzi tolikonzekeretsa kumenyana kapena kuthawa, mtima umagunda mothamanga, minofu imakungika. Zikafika apo munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, amangomva kunyozedwa. Ndiye ntchito yoyamba n'kudziwa chizindikiro chanu. Ena nsagwada zimalimba, ena khosi limatentha, ena amangopeza chala chikuloza kale. Mukachiona, nenani poyera: "Mayi a ana, mtima wanga wakwera. Ndipatseni theka la ola, ndibwera tikambirane." Tulukani, yendani pang'onopang'ono. Kokani mpweya m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kakhumi. Kutulutsa mpweya motalikitsa n'kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti libwerere m'malo, n'chifukwa chake kubwerera pakatha mphindi zisanu kumangoyambitsanso mkangano.

Njirayi imawonongeka munthu akachoka osanena kanthu n'kumenyetsa chitseko, poti otsalawo amaona ngati wawanyoza. Imawonongekanso akamayenda uku akukonza mayankho oti akamulase nawo mnzake, kapena ulendowo ukathera ku bala. Ndipo mukalonjeza kubwera, bweranidi, apo ayi akazi anu adzaona kuti ndi njira yothawira nkhani.

Onaninso nthawi imene zimachitika. Munthu amene wadzuka 4 koloko, wakhala pa chiwongolero tsiku lonse pakati pa ma hutala, ndipo nkhomaliro yake inali chimanga chowotcha chimodzi, amafika pakhomo mtima uli kale m'mwamba. Gwirizanani kuti nkhani za ndalama zizikambidwa mutasamba ndi kudya. Ngati dzanja linafikapo kale pa munthu, imeneyo ndi nkhanza, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limateteza akazi anu ndi ana. Musadikire kuti zichitikenso, kaonaneni ndi mphungu.

Ndili Fomu 4. Ndimamva kuti maganizo ali ndi mphamvu, ukamadziona utapambana zimachitikadi. Usiku uliwonse ndimadziona dzina langa litatuluka pa MSCE, koma kuwerenga kukundikanikabe. – Mtsikana wa ku Kawale

Mphamvuyo ilipodi, mwanawe, koma waiika pamalo polakwika. Mu 1999 ofufuza zamaganizo Lien Pham ndi Shelley Taylor anagawa ophunzira a ku yunivesite amene ankakonzekera mayeso. Ena ankadziona atakhoza bwino, ena ankadziona akuwerenga: malo ake, nthawi yake, buku lili pamaso. Achiwiriwa anawerenga maola ambiri ndipo anakhoza bwino kuposa oyamba aja. Kulota chipambano kumatsitsimula mtima ngati kuti ntchito yatha kale, ndiye changu chimazirala.

Sintha chithunzicho. Usiku udzione ukutsegula buku la Biology pa mutu wakutiwakuti, utakhala pampando uti, nthawi yanji. Kenako mangirira kuwerengako ku chinthu chimene umachita kale tsiku lililonse: "Ndikangomaliza kutsuka mbale, ndikhala patebulo mphindi 25, foni ili kuchipinda china." Ganiziranso chimene chingakulepheretse ndipo ukonzeretu yankho: magetsi akazima, tochi ili pati? Zikatha mphindizo tseka buku, ulembe pamtima zimene wagwira, kenako uyerekeze ndi buku. Kudzifunsa chotere kumakhazika zinthu m'mutu kuposa kubwereza tsamba lomwelo kasanu.

Usayembekezere kuti zizolowereka pa mlungu umodzi. Ofufuza a ku University College London anapeza kuti khalidwe latsopano linkatenga masiku pafupifupi 66 kuti lizichitika lokha, ena mofulumirapo, ena mochedwa kwambiri, ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunkawononga kanthu. Ukaphonya Lachiwiri, Lachitatu ubwerere patebulo pa mphindi 25 zomwezo, osawirikiza kuti ulipire dzulo.