Mwana akufuna kusiya sukulu kuti aziimba

Mayi wina wa ku Chawama walemba kuti mwana wake wamwamuna, amene ali mu Giredi 11, akufuna kusiya sukulu kuti aziimba. Mnyamatayo akuti akumangotchula a Jagari Chanda a gulu loimba la WITCH, kuti onani mdala wa zaka zopitirira 70 akutulutsabe zimbale ndi kukaimba ku Ulaya ndi ku America. Mayiwo akufunsa ngati amuletse kapena amusiye.

Amayi, kuimbako musamuletse, koma sukulu asasiye. Ndipo a Jagari omwewo ndi amene akuthandizeni pa mkanganowu, bola mwanayo amve mbiri yawo yonse, chifukwa iye wangoona kumapeto.

WITCH inayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pamene chimbale chawo cha Lazy Bones!! chinkatuluka mu 1975, oimba a kuno zinthu zinkawayendera. A Kaunda, amene anali pulezidenti wa Zambia nthawi imeneyo, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zizikhala za m'dziko muno, ndipo zimbale zinkadindidwa ku Ndola komweko. Koma mtengo wa kopa utagwa, anthu anayamba kusowa ndalama zogulira zimbale. Boma litaika lamulo loletsa kuyenda usiku, madansi amene ankadyetsa magulu anazilala. A Jagari anachoka m'gululo nadzalowa Evelyn Hone College kuno ku Lusaka, ndipo anakhala mphunzitsi wa nyimbo. Pambuyo pake anakakhala kutchire, kukumba miyala yamtengo wapatali. Anzawo onse amene anayamba nawo gululo anamwalira.

Ndiye kunadzabwera kampani ya ku America ya Now-Again Records, imene mu 2012 inatulutsanso nyimbo zakale zija. Filimu yofotokoza mbiri ya WITCH inatsatira mu 2019. Chimbale cha Zango chinatuluka mu 2023, patatha zaka 39 WITCH isanatulutse nyimbo zatsopano, ndipo Sogolo chinabwera mu 2025. Mufunseni mwana wanuyo kuti pa zaka zonse za pakatizo mdalayu ankadya chiyani. Sizinali za m'manja mwa oonerera ayi.

Chimene chinawabwezera pa siteji ndi nyimbo zimene gululo linapeka lokha ndi kujambula. Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula ndi iwe, mnyamata. Ngati ukungoimba za eni ake m'mabala a ku Kabwata, ndalama yako imathera usiku womwewo. Peka zako. Ndipo ukalowa mu situdiyo, usatuluke musanalembe papepala kuti mawu walemba ndani, biti (kulira kwa zida kumene umaimbirapo) wapanga ndani, aliyense atenga gawo lanji, kenako nonse musaine. Ukalipira wopanga biti, funsa ngati wakugulitsa ndithu kapena wangokubwereka, chifukwa mawa ukhoza kuimva biti yomweyo pa wailesi ili ndi mawu a munthu wina. Achinyamata ambiri amachita manyazi kutchula za pepala kwa mnzawo. Nyimbo ikadzamveka, ubwenzi womwe ankautetezawo ndi umene umayamba kutha.

Nyimbo ikatuluka, kalembetse ku ZAMCOPS, bungwe limene limatolera ndalama kwa a wailesi, a mabala ndi ena oseweretsa nyimbo pagulu, n'kugawira eni nyimbozo. Usayembekezere zambiri poyamba. Koma wosalembetsa salandira ngakhale ngwee.

Tibwerere kwa inu, amayi. Satifiketi ya Giredi 12 ndi imene imatsegula khomo ngakhale pa ntchito ya nyimbo yomweyi. Ku Evelyn Hone, pa Church Road, amaphunzitsabe nyimbo, ndipo kuti munthu alowe pamafunika magiredi abwino a Giredi 12, Chingerezi chisasowepo. Wotuluka kumeneko amadziwa kuwerenga ndi kulemba manotsi a nyimbo, akhoza kuphunzitsa pa sukulu, kutsogolera kwaya, kapena kukonzera ena nyimbo. Mabandi a asilikali ndi a polisi nawonso ndi ntchito ya malipiro a pamwezi, ndipo polemba anthu amafuna satifiketi yomweyo. Kunena zoona, ine ndimakondwera kwambiri ndi mwana amene amagwira chida, kaya gitala kaya kiyibodi, kusiyana ndi wodalira mawu okha. Woliza kiyibodi amaitanidwa ku tchalitchi, ku maukwati ndi ku situdiyo za anzake, pamene woimba amadikira kuti dzina lake limveke kaye.

Mwatsala ndi chaka chimodzi chokha ndi miyezi ingapo. Mugwirizane naye motere: Lolemba mpaka Lachisanu ndi za sukulu, Loweruka ndi la nyimbo, ndipo inu musamamutume zina tsikulo. Ngati pa sukulu pake pali phunziro la nyimbo kapena kwaya, alowemo. Pa tchuthi chikubwerachi mupite naye ku Evelyn Hone, akafunse yekha ku ofesi yolembera ophunzira kuti magiredi ofunika ndi ati ndipo fizi ndi zingati, alembe m'kope lake.