Ku Disney sungitsani tebulo limodzi patsiku, ndipo likhale la masana

Mayi wina wa ku Chelstone, mu Lusaka, wanditumizira imelo, ndipo mawu ake mwachidule ndi awa: "Ine, bambo a kunyumba, apongozi anga ndi ana atatu a zaka 11, 7 ndi 2 tikupita ku Walt Disney World ku Orlando mu Ogasiti, masukulu akatseka. Tikafika pa 10, tikakhala sabata imodzi m'nyumba ya lendi ku Kissimmee, tauni ya pafupi ndi Disney, ndipo matikiti tagula a masiku 4. Alamu anga okhala ku America akuti tisungitsiretu malo m'malesitilanti, apo ayi tikadya choimirira. Ndalemba kale malo 9 amene ndikufuna. Tisungitse liti, nanga achuluka? Apongozi ali ndi matenda a shuga ndipo safuna kudya mothamanga."

Mayi, zikomo pondilembera. Alamu anu akunena zoona, koma malo 9 achulukadi. Chepetsani akhale 4 kapena 5: tebulo limodzi pa tsiku lililonse lolowa m'paki ya zisangalalo ya Disney, ndi lina limodzi pa tsiku lopuma ngati thumba lilola. Ndipo matebulo a m'pakiwo akhale a nkhomaliro, pakati pa 12 ndi 2 koloko masana.

Chifukwa choyamba chili m'thupi mwanu momwe. Mu Ogasiti, nthawi ya ku Lusaka ili patsogolo ndi maola 6 poyerekeza ndi ya ku Orlando. Masiku oyambirira wotchi idzasintha koma mimba ndi tulo zidzatsalira kuno. Ana adzadzuka kunja kusanache akufuna tiyi, chifukwa 4 koloko ya kumeneko ndi 10 koloko kwathu. Ikamakwana 1 koloko masana kumeneko, thupi lidzakhala likudziwa kuti ndi 7 koloko madzulo, nthawi imene nsima imakhala itapakulidwa. Njala yeniyeni ibwera pamenepo. Koma mukasungitsa mgonero wa 7 koloko madzulo, kwa kamwana ka zaka 2 imeneyo ndi 1 koloko usiku. Kadzagona pachifuwa panu mbale isanafike, wa zaka 7 adzayamba kulira popanda womumenya, ndipo ndalama mudzalipira zonse. Za apongozi, pitani nawo kwa dokotala wawo musananyamuke, akawauze mmene angasunthire nthawi ya mankhwala ndi ya chakudya. Zimenezo si zoti muzikaganizira muli kale pa mzere.

Chachiwiri ndi dzuwa. Ogasiti wa ku Florida si wathu uja wa mphepo ndi fumbi. Kumatentha mpaka madigiri 33, mpweya uli wachinyontho, thukuta losauma pathupi, ndipo masana ambiri kumagwa mvula ya mabingu ndi ziphaliwali imene imaimitsa zokwera zapanja. Taganizirani tsiku lodzaza kwambiri la Agricultural Show ku Showgrounds, muwonjezere kutentha kwa Okutobala, ndiye muyende choncho kuyambira m'mawa mpaka usiku. Tebulo la masana limagula zambiri kuposa chakudya. Limagula mpando wotsamira wa apongozi, chipinda chozizira, chimbudzi chapafupi, madzi oti woperekera zakudya azingodzazanso, ndi ola limodzi kapena limodzi ndi theka loti miyendo ipume pa nthawi imene mizere panja yatalika kwambiri. Banja limene lakhala pansi masana limafika usiku likadali ndi mphamvu zoonera makombola okongola aja a kumwamba. Limene ladya choyenda limayamba kukangana cha m'ma 4 koloko.

Nanga bwanji osasungitsa awiri patsiku? Chifukwa tebulo lililonse ndi pangano la nthawi. Muyenera kusiya chimene mukuchita, kuyenda mpaka kumeneko, kufika mphindi 15 nthawi isanakwane, kudikira kuti akuitaneni, kudya, kudikira bilu. Maola awiri amatha osawaona. Kawiri patsiku ndi maola 4, pa tikiti imene mwalipira madola oposa 100 munthu mmodzi. Komanso mbale za ku America ndi zazikulu. Munthu amene wadya bafeti 1 koloko sadzafunanso nyama 7 koloko.

Tsopano za kusungitsa. Disney imatsegula malo masiku 60 tsiku lodyera lisanafike, pa webusayiti yawo ndi pa apu ya My Disney Experience. Ogona m'mahotela a Disney amaloledwa kusungitsa za ulendo wonse, mpaka masiku 10, pa tsiku limodzi lomwelo. Inu a ku Kissimmee mwayi umenewo mulibe, choncho tsiku lililonse lili ndi tsiku lake losungitsira. Tebulo la pa 12 Ogasiti litseguka pa 13 Juni, la pa 13 Ogasiti pa 14 Juni, choncho basi. Malo amatseguka cha m'ma 6 koloko m'mawa kumeneko, imene kuno ndi 12 koloko masana. Apa ife a ku Lusaka tili pabwino: anzathu akudzuka ndi alamu mumdima, inu mukungotenga foni pa nthawi yopuma ku ntchito. Lowani mphindi 15 nthawi isanakwane, foni ili yodzaza moto ndi bandulo yokwanira, kuti magetsi akazima musagwire njakata.

Tsegulani akaunti sabata imodzi zisanachitike izi, mulembemo mayina a anthu onse 6, kamwana komwe, chifukwa nakonso amakawerengera mpando. Pamafunika khadi la ku banki, ndiye funsani ku banki kwanu ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa kugulira zinthu zakunja pa intaneti. Malo ambiri sadula ndalama posungitsa, khadilo limangokhala chikole. Koma mukapanda kufika, kapena mukalephera kufafaniza tebulo losungitsalo kudakali maola awiri nthawi isanakwane, amadula madola 10 pa munthu aliyense. Kwa inu ndi madola 60 otayika chabe.

Musanasankhe lesitilanti iliyonse, yambani mwagwirizana kuti tsiku liti muli paki iti. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Walt Disney World ndi dera la pafupifupi masikweya kilomita 100, lokhala ndi mapaki 4 otalikirana: Magic Kingdom imene idatsegulidwa mu 1971, EPCOT ya 1982, Hollywood Studios ya 1989 ndi Animal Kingdom ya 1998. Lesitilanti ya m'kati mwa paki imafuna tikiti yolowera paki imeneyo. Simungakhale ku Animal Kingdom m'mawa n'kukadya ku EPCOT masana ngati tikiti yanu ndi ya paki imodzi patsiku, ndipo ngakhale ikhale yololeza, ulendowo ndi apongozi ndi kangolo ka mwana udzakudyerani ola lathunthu. Yang'ananinso kalendala ya Magic Kingdom: kuyambira mu Ogasiti pamakhala madzulo ena a chikondwerero cha Halloween, ndipo masiku amenewo a matikiti wamba amatuluka 6 koloko madzulo. Musaike tsiku lanu limodzi lokha la pakiyo pa tsiku lotero.

Pa mndandanda wanu pamwamba penipeni pali Cinderella's Royal Table, ya m'kati mwa nyumba yachifumu ija ya ku Magic Kingdom. Ndikumvetsa, mwana wa zaka 7 ataona zithunzi sangakusiyeni. Dziwani kuti imeneyi imalipiridwa yonse pa nthawi yosungitsa, ndi yodula kwambiri, ndipo malo ake amatha msanga, makamaka tebulo la anthu 6. Chimene mukulipira ndi chipindacho ndi ana aakazi a mafumu obwera pa tebulo kudzajambulitsa. Ngati mwanayo mtima wake uli pamenepo ndipo ndalama zilipo, yesani kusungitsa malo akangotseguka, pa 12 koloko penipeni ya kuno. Ikakanika musadandaule. Ine banja lanu ndingalitumize ku Crystal Palace, m'paki yomweyo, kumene kuli bafeti ndipo Winnie the Pooh ndi anzake amazungulira matebulo. Bafeti imathandiza apongozi chifukwa amaona chakudya ndi maso asanachitenge: nkhuku yootcha, ndiwo zamasamba, mbatata pang'ono, osalimbana ndi mayina achilendo a pa menyu. Kadzutsa wa m'mawa kwambiri ku Magic Kingdom ndiye ayi. Ochokera kunja amaimika galimoto patali, n'kukwera sitima ya njanji imodzi kapena boti kuwoloka nyanja asanafike pageti. Ndi ana atatu, 8 koloko simudzaikwanitsa mwamtendere.

Ku Animal Kingdom ndilibe chikayiko: Tusker House. Ili m'chigawo cha Africa, m'kamudzi kotchedwa Harambe, pafupi ndi Kilimanjaro Safaris. Kwerani safariyo m'mawa nyama zisanabisale ku mthunzi, yendani pang'ono, ndiye mukakhale pansi masana. Nayonso ndi bafeti, zakudya zake zili ndi kakomedwe ka zokometsera za ku Africa, ndipo Donald Duck ndi anzake amabwera atavala zovala za safari. Apa mwapeza zonse pamodzi: ana aonana ndi zidole zawo popanda kuima pa mzere padzuwa, akuluakulu adya chakudya chokhala m'mimba.

Ku EPCOT kuli njira ziwiri. Mbali ya World Showcase ili ndi zigawo za mayiko 11 kuzungulira nyanja, ndipo banja la akuluakulu okhaokha ndingaliuze kuti lingoyenda n'kumalawa apa ndi apo. Inu muli ndi agogo ofunika kudya pa nthawi yake, choncho sungitsani Garden Grill. Chipinda chake chimazungulira pang'onopang'ono mukudya, chakudya chimabwera m'mbale zazikulu pakati pa tebulo aliyense n'kumadzigawira, ndipo zikatha amabweretsanso. Zina mwa ndiwo zamasamba zimalimidwa m'nyumba yomweyo. Kakwereni kaye boti la Living with the Land, ana aone tomato ndi letesi zikukula popanda dothi, kenako azione m'mbale. Wa zaka 11 adzakhala ndi nkhani yokafotokoza ku sukulu.

Hollywood Studios ndingaisiye yopanda tebulo, kapena mutenge Sci-Fi Dine-In Theater kumene anthu amadyera m'timagalimoto mumdima akuonera kanema. Ana amaikonda, koma mipando yake yambiri imayang'ana kutsogolo, anthu awiriawiri, ndiye kucheza kwa banja kulibe. Mukaisiya, itanitsani chakudya pa apu ku malo odzitengera nokha, mmodzi apite kukatenga, enanu mutakhala kale pamthunzi.

Pa tsiku lopuma, malesitilanti a m'mahotela a Disney safuna tikiti ya paki. Boma, ya ku Animal Kingdom Lodge, imapereka kadzutsa ndi mgonero, ndipo kumapezeka zakudya ngati bobotie, nyama yogaya yophikidwa ndi mazira pamwamba, wa ku South Africa. Kumapeto kwa sabata matupi atazolowera, mgonero wa 5 koloko kumeneko ungakhale wabwino kwambiri kwa apongozi. Sanaa, lesitilanti ina ya ku Animal Kingdom Lodge komweko, mwailemba pa mndandanda wanu chifukwa cha akadyansonga ndi mbidzi zooneka pawindo. Chakudya chake ndi chokoma, koma kwa ana amene angathe kuona nyama zimenezi kuno kwathu, windolo si chifukwa chokwanira. Ichotseni.

Tiyeni tiwerenge ndalama, chifukwa mtengo wa pa menyu si umene mudzalipire. Ku Disney mtengo wa ana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Wanu wa zaka 11 pa bafeti ndi munthu wamkulu, ngakhale adye tchipisi tokha. Wa zaka 2 amadya ulere kuchokera m'mbale yanu. Tiyerekeze kuti bafeti ndi madola 60 wamkulu ndi 40 mwana. Akuluakulu 4 ndi mwana mmodzi ndi madola 280. Pamwamba pake pamabwera msonkho, m'malo ambiri 6.5 peresenti, ndi tipu. Ku America tipu si mphatso ya munthu wamtima wabwino. Operekera zakudya amadalira imeneyo, ndipo anthu amasiya 18 mpaka 20 peresenti. Gulu la anthu 6 kapena kuposa, Disney imaikiratu 18 peresenti pa bilu, choncho werengani bwino musanawonjezere ina. Madola 280 aja afika pafupifupi 350, nkhomaliro imodzi. Sinthani m'makwacha, muchulukitse ka 9, ndipo muona chifukwa chake ndikuti 4 kapena 5. Za Disney Dining Plan, dongosolo lolipiriratu chakudya, musavutike nazo. Ndi ya ogona m'mahotela awo okha.

Zakudya zina zonse nyumba yanu ya ku Kissimmee izikwanitsa. Tsiku loyamba lowani mu Publix kapena Walmart mugule buledi, mazira, mkaka, zipatso ndi nkhuku. Ufa woyera wa chimanga umapezeka m'masitolo ambiri a kumwera kwa America. Ndi wokhakhala kuposa wathu wa breakfast, koma nsima imapsa, ndipo apongozi akadya nsima usiku wachiwiri mtima wawo ukhala m'malo. Kamba amaloledwa kulowa naye m'paki, kupatula mowa ndi zinthu za m'mabotolo agalasi. Nyamulani nthochi, mtedza ndi mabisiketi, komanso kanthu kotsekemera m'chikwama cha apongozi ngati shuga angatsike. Madzi ozizira a m'kapu amaperekedwa ulere pa malo ogulitsa zakudya mukapempha. Paki iliyonse ili ndi Baby Care Center, chipinda chozizira chokhala ndi timipando ta ana ndi makina otenthetsera chakudya, kumene mungadyetsere kamwana phala mwabata.

Posungitsa pali malo olembapo zakudya zimene munthu sadya. Lembanipo, ndipo mukafika uzaninso woperekera zakudya. Nthawi zambiri wophika amabwera yekha pa tebulo kudzafotokoza zimene zili m'mbale. Tebulo la anthu 6 likasowa, yesani awiri a anthu 3 pa nthawi zoyandikana, ndipo mukafika pemphani kuti akuikeni pafupi, ngakhale salonjeza. Malo amene akanika mu Juni muziwayang'anabe pa apu, makamaka masiku awiri omaliza tsikulo lisanafike, pamene ena amafafaniza poopa madola 10 aja.